NyaMtonga Atengera Amayi a ku Chikomeni Kukaona Njovu

Tryphena Mtonga anabadwira kwa Mphamba, pafupi ndi boma la Lundazi, m'banja lolima fodya, ndipo chiyambire ali wamng'ono pakamwa pake sipankasowa funso. Ankafuna kudziwa chifukwa chake fodya amalimidwa ndi anthu osasuta, kumene madzi a pachithaphwi amapita dzuwa likawomba, ndiponso amene anauza nkhuku kuti kukada zizikwera mumtengo. Amayi ake akatopa naye ankangomutuma kumadzi. Aphunzitsi ankamukonda, koma sukulu anailekeza mu giredi seveni, chaka chimene bambo ake anadwala ndipo panalibe wina wosoka fodya m'chigafa.

Atakula anakwatiwa ku Chikomeni ndi a Bornwell Zimba, munthu wofatsa, wolimbika pa khasu, koma wosachedwa kutopa ndi nkhani zazitali. Mudzi wawo ndi wakumapeto. Ukadutsa minda yawo ndi kamtsinje ka kumunsi, kutsogoloko ndi nkhalango yokhayokha mpaka kukalowa m'paki ya Lukusuzi. Kumeneko dzina loti Tryphena linatsala la kutchalitchi ndi kuchipatala. Apongozi, anansi ndi amuna ake omwe ankamuitana kuti NyaMtonga. Analera ana, analima chimanga, mtedza ndi fodya, ana aja anakula n'kumwazikira ku Chipata ndi ku Lusaka. Mafunso sanathe, kungoti omuyankha anachepa. A Zimba akafunsidwa kanthu kovuta ankangoti, "Kaya, NyaMtonga. Udzafunse kumwamba."

Za pakiyo, anthu a m'mudzimo sankaiwerengera ngati yawo. Inali ya boma, ya alonda a nyama amene aliyense amangowatchula kuti a gemu, ndiponso ya alendo amene nthawi zina ankadutsa pa galimoto zazitali kulowera ku chigwa cha Luangwa, mawindo ali chitsekere. Chimene chinkatuluka m'nkhalangomo n'kuwapeza anthu pakhomo zinali nguluwe, anyani, ndi njovu zofuna chimanga chachiwisi.

Zinthu zinayamba kusintha m'mawa wina wa mwezi wa Epulo, mvula ili kumapeto. Tryphena anatsikira kudimba kukaona mbande za tomato. Atayandikira mkuyu waukulu umene uli m'mbali mwa kamtsinje kaja, anaona miyendo ya munthu itatulukira pa udzu, itavala nsapato zonga za asilikali. Mwini miyendoyo anali mayi wovala buluku, atagona chagada, osagwedezeka. Tryphena anatula ndowa. Mumtima anati mwina ndi wakhunyu wagwa, mwinanso zoopsa kuposa pamenepo.

"Monire!" anatero ataima chapatali. "Kodi muli moyo?"

Dzanja la mayiyo linakwera pang'onopang'ono n'kumukodola. Tryphena anayandikira monyang'ama, ndipo m'pamene anaona kuti mayiyo wagwirizira kumaso magalasi akuda a mapaipi awiri, aja oonera zinthu zakutali.

"Gonani apa, amai," mlendoyo ananong'ona m'Chinyanja cha ku Lusaka. "Ili pa nthambi ya kumanzele. Musaithawitse."

"Ndani?"

"Mbalame."

Wina akanangoseka n'kupita kukathirira. Tryphena anakunga chitenje, n'kugona pa mame pambali pa munthu amene sankamudziwa ngakhale dzina. Poyamba m'magalasimo ankangoona zobiriwira zosokonekera mpaka chizungulire chinamugwira. Mlendo uja anamupotozera kagudumu ka pakati, ndipo mwadzidzidzi nkhulukulu inali pamphuno pake penipeni, ikudya nkhuyu. Mbalame imeneyi anaidziwa kuyambira ali mwana, ndipo nthenga zake zofiira ankaziseweretsa ndi anzake. Koma sankadziwa kuti diso lake lazunguliridwa ndi kamzere kofiira ngati mkanda, kapena kuti ikameza nkhuyu yathunthu khosi limatupa, chotupacho n'kumatsika pang'onopang'ono. Anagwira magalasiwo mpaka manja analema.

Mlendoyo anali Lorraine, wogulitsa mankhwala m'famase ina ku Lusaka. Anabwera kudzacheza kwa mlongo wake Calvin, mphunzitsi wa pa sukulu ya pafupi ndi mudziwo.

"Ndiye mwakwela basi kuchoka ku Lusaka konse kuja chifukwa cha nkhulukulu?" Tryphena anafunsa atadzuka, akusasa udzu kumsana.

"Ndi zinzake zomwe."

"Mukazijambula mumakagulitsa?"

"Iyayi."

"Nanga phindu lake n'chiyani?"

Lorraine anayankha kuti: "Kunyumba kwanga ndikatsegula windo ndimaona mpanda wa njelwa. Kuntchito ndimaona mabotolo ndi anthu odwala. Maso nawonso amamva njala, amai."

Tryphena anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa, ndipo anaona kuti mayiyu sakunama. "Ngati zili choncho, mubwele mawa m'mamawa," anatero. "Kuli a nang'omba kuseli kwa phili lija. Amenewo ndiye mudzakhuta."

Sabata yonse imeneyo tomato ankathiriridwa madzulo. M'mawa awiriwo ankatsata kamtsinje, Tryphena patsogolo. Iye ankadziwa kumene nantchengwa anaunjika chisa chake chachikulu ngati nkhokwe, ndi kumene a nang'omba, mbalame zakuda zazikulu ngati nkhukundembo, za khosi lofiira, amayenda chamtunda kusaka abuluzi. Lorraine ankadziwa zina. Anamuuza kuti anamzeze ena amene amadzaza mlengalenga m'dzinja amachokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndipo mvula ikatha amabwerera.

"Nanga amadziwa bwanji kuti ku Chikomeni ndi kuno?" Tryphena anafunsa.

"Zimenezo sindidziwa bwinobwino," Lorraine anayankha akuseka. "Ngakhale ophunzila kwambili akali kufufuza."

Aka kanali koyamba kuti Tryphena akumane ndi munthu amene ankanena kuti sadziwa, nkhope n'kukhala yowala.

Lorraine atabwerera anauza anzake, anzakewo anauza ena, ndipo pasanathe miyezi yambiri Calvin ankalandira mafoni a anthu ofunsa za mayi wa ku Chikomeni wodziwa malo a mbalame. Ndiye amene anabweretsa maganizo oti amange pogona alendo. Anapempha chilolezo kwa amfumu, anadziwitsa a gemu, ndipo kumtunda kwa dimba kunamangidwa timakumbi tiwiri taudzu, bafa la mpanda wa bango ndi chimbudzi. A Zimba anazika nsanamira akung'ung'udza kuti munthu wanzeru sangasiye bedi kwawo n'kudzagona m'kanyumba konga ka mbuzi. Koma anthu anabwera.

Kwa Tryphena, alendowo anali odabwitsa kuposa mbalame zija, ndipo ankawapenyetsetsa chimodzimodzi. Panabwera dokotala wa mano wa ku Ndola amene ankaopa nkhuku. Panabwera mzungu wina wachikulire amene anatha m'mawa wonse atagwada, akuyang'ana mzere wa linthumbu ukudutsa njira. Ena ankakana nyama n'kumapempha chiwawa chotendera tsiku lililonse. Ena ankatola mapepala a masiwiti panjira n'kuika m'thumba mwawo ngati ndalama. Aliyense ankamufunsa kumene akuchokera, zimene amadya kwawo, ndi chimene chamuyendetsa ulendo wonsewo. Mayankho ankasiyana, ndipo sankatopa nawo. Anansi nawo anayamba kupezapo kenakake: uyu wagulitsa mazira, uyu uchi, winayu mphasa.

Koma si mlendo aliyense amene amabwera ndi maso okha. Chaka chachiwiri, m'masiku a Khisimasi, kunafika galimoto ya anyamata a m'tauni, nyimbo zikugunda mpaka nkhuku zinathawira kuseri kwa nkhokwe. Anafunsa ngati pangapezeke nyama ya m'tchire yootcha, Tryphena anakana. Kenako anati awaonetseko chinthu chachilendo choti ajambule. Nthawi imeneyo a nang'omba aja anali ataikira m'mphako ya mtengo waukulu wa mtondo, ndipo Tryphena ankanyadira kuti ndi iye yekha amene ankadziwa malowo. Anawatengera komweko, n'kuwaimika patali monga ankachitira ndi ena. Asanatembenuke n'komwe, mmodzi anali atakwera kale mumtengo, foni ili m'manja. Mbalame yaikazi inatuluka m'mphakomo ikuwomba mapiko, anyamatawo n'kumakuwa mokondwa.

M'mawa mwake Tryphena anapitako yekha n'kukhala pa chulu. Mbalame sizinabwere. Anapitanso, sizinabwere. Kulira kwawo kwa m'bandakucha, kuja konga ng'oma ya kutali, kunayamba kumveka cha kutsidya, mkati mwa nkhalango.

Nkhaniyi anakaifotokozera Uchizi, mtsikana wa gemu amene ankagwira ntchito pa kampu ya pafupi ndipo ankakonda kudzagula tomato kwa iye. Uchizi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Amama, a nang'omba si nkhuku," anatero. "Amalela mwana mmodzi yekha, ndipo si chaka chilichonse. Akanyanyala chisa, ndiye kuti chaka chimenecho chapita."

"Adzabwelanso?"

"Mwina. Akaona kuti pakhala bata."

Kuyambira pamenepo mlendo aliyense, asanaike chikwama m'kakumbi, Tryphena amayamba wamukhazika pansi pa mkuyu, kumupatsa madzi akumwa, n'kumuuza za pakhomopo. Amamuuza kuti zisa sazionetsanso kwa wina aliyense, ngakhale atamulonjeza ng'ombe; kuti wailesi imatsala m'galimoto; kuti munthu wa m'mudzimo sajambulidwa asanavomere yekha, ndipo botolo limene labwera ndi mlendo libwerere ndi mlendo yemweyo. Ena ankagwedeza mutu mogwirizana nazo. Ena ankakwiya, ndipo gulu lina linatembenuza galimoto nthawi yomweyo. Calvin anada nkhawa kuti mbiri ikamveka yoti mayi wa ku Chikomeni ndi wovuta, mafoni asiya kulira. Tryphena anati ngati asiye, asiye, tomato akadalipo. Mafoni anachepadi, koma amene ankabwera anali anthu oti akachoka sasiya chosesa.

Lorraine anabweranso mwezi wa Malichi wa chaka chotsatira, ndipo anafika tsiku loipa. Usiku wake njovu zinali zitalowa m'minda ya kumapeto. Anthu anaimba zitini, anayatsa miyuni, koma pofika m'mawa munda wa a Zimba unali utadyedwa mbali imodzi, ndipo wa Petronella, mayi wamasiye woyandikana nawo, unangotsala mapesi ogona. Lorraine sanadziwe kukula kwa nkhaniyo. Atafika m'mphepete mwa munda n'kuona phazi la njovu litadinda m'matope, lalikulu ngati beseni, anafuula mosangalala, n'kuika nsapato yake m'katimo kuti ajambule.

A Zimba anali ataima pomwepo, chimanga chotafunidwa chili m'manja. Munthu uja wosakonda kulankhula analankhula.

"Madamu, inu mukujambula phazi. Ine ndikuona njala."

Lorraine anabweza foni m'thumba. Sanadziikire kumbuyo. Anapepesa, anavula chipewa, n'kulowa m'munda wa Petronella kukathandiza kutola chimanga chimene chikanatheka kupulumutsidwa. Anagwira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Popuma, ali pamthunzi ndi Tryphena, anafunsa motsitsa mawu.

"Amai, kodi inu njovu munaionapo masana? Itangoima, ikuchita zake?"

Tryphena anafuna kuyankha kuti inde, koma anazindikira kuti sizinali zoona. Zaka zonse zimene anakhala ku Chikomeni, njovu ankaidziwa ngati chimdima chachikulu kuseri kwa utsi, ngati fungo, ngati kuthyoka kwa mapesi. Nkhope yake sanaionepo. Pa geti la paki, limene munthu atha kufikapo pa njinga, anali asanalowepo. Iye amene ankalondolera alendo ochokera kutali sankadziwa chimene chinali kuseri kwa mtsinje wa kwawo.

Nkhaniyi inamusowetsa mtendere nyengo yonse yokolola. Anafunsa amayi anzake a Umanyano, bungwe la amayi ku tchalitchi, ndipo anapeza kuti mwa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene analowapo m'pakimo ngati mlendo. Ena analowamo mozemba kukatola bowa kapena nkhuni, mtima uli m'mwamba, maso ali kwa a gemu. Lachinayi lina, mapemphero atatha, anaimirira n'kunena kuti ndalama za alendo zimene wakhala akusunga akufuna apangire hayala galimoto, amayi onse apite kukaona paki.

Poyamba anamuseka. Wina anati kukaona njovu kuli ngati kupita kundende kukacheza ndi wakuba amene anakubera. Wina anafunsa ngati kumeneko kudzakhale chakudya. Amene anadula nkhani anali Petronella.

"Ine ndipita," anatero. "Ndikufuna ndikaiyang'ane m'maso, ndiiuze mawu anga."

Anasankha mwezi wa Okutobala, chifukwa Uchizi anati nthawi yotentha nyama sizitalikira madzi. Anapangana ndi Golden, mwini galimoto ya kanta imene imanyamula fodya ndi feteleza. A Zimba ananena kuyambira kale kuti iwo sangawononge tsiku kukaona adani awo. Koma m'mawa wa ulendowo, amayi akukwera kumbuyo ndi mabotolo a thobwa ndi mbatata zophika, anapezeka atakhala kale kutsogolo, atavala jekete la ku tchalitchi. Anati akufuna azimuthandiza dalaivala njira, ngakhale njirayo iwo sankaidziwa.

Pa geti anawalemba ngati alendo ena onse, ndipo amayi ena anakonza maduku awo poona kuti wa gemu akuwapatsa sawatcha. Uchizi anakwera kumbuyo ndi mfuti yake. Kanta itangonyamuka, mayi wina anayambitsa nyimbo monga amachitira pa ulendo uliwonse wa mpingo, onse n'kuvomera mwamphamvu. Uchizi anawasiya amalize ndime imodzi, kenako anakweza dzanja.

"Amama, Mulungu wamva. Tsopano tikapitiliza, nyama nazonso zimva, ndipo tibwelela osaona ngakhale gologolo."

Amayi aja anasiya kuimba. Msewu unali wa miyala ndi zigwembe, kanta inkangowagwedeza ngati mtedza m'lichero. Mitengo inali yomweyo ya kwawo, misuku ndi mitondo, ina itayamba kuphuka masamba ofiira. Akashembe analowa m'galimoto n'kuyamba kuluma, ndipo phokoso limene linkamveka linali la makofi okhaokha pa miyendo ndi pa makosi. Dzuwa linakwera. Nyama panalibe.

"Ndiye paki yake ndi imeneyi?" mayi wina anang'ung'udza. "Azungu amalipila kuti alumidwe?"

Tryphena anayamba kuda nkhawa. Anaganiza za mmene adzamunenere ku chitsime. Koma Uchizi anagogoda denga la kanta, Golden anaima, ndipo mtsikanayo analoza pamwamba pa thanthwe. Pamenepo panaima chinkhoma, kambawala ka m'miyala, kataima ndi nsonga za ziboda ngati kakuopa kudetsa mapazi. Kanawayang'ana, iwo anakayang'ana, kenako kanadumpha kawiri n'kuzimiririka. Patsogolo pang'ono banja la njiri linadutsa msewu likuthamanga, michira ili njo m'mwamba, ndipo amayi anaseka atatseka pakamwa ndi zitenje mpaka misozi.

Njovu anazipeza dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Uchizi anaona ndowe zatsopano, anayang'ana kumene mphepo ikuchokera, n'kuuza Golden kuti aime pa gombe lalitali loyang'ana mtsinje wouma, azime injini, ndipo pasapezeke wotsika. Kumunsi, pa mchenga woyera, panali njovu zazikazi ndi ana awo. Imodzi inkakumba mchenga ndi phazi, n'kumachotsa wotsala ndi chitamba, mpaka madzi anayamba kutuluka m'dzenjemo.

Mu kanta monse munalibe wotsokomola. Tryphena anagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri. Ankayembekezera chinthu chaukali, chophwanya, koma chimene chinamudabwitsa chinali bata lake. Chinyama chachikulu kuposa nkhokwe chinkasuntha pa mchenga osamveka mapazi. Chinali ndi nsidze zazitali ngati za mtsikana. Khutu la imodzi linali long'ambika m'mphepete, ndipo khungu linali lokwinyika ngati buluku lobwereka. Mafunso anamudzaza pakhosi, n'kuyamba kumunong'oneza Uchizi limodzi pambuyo pa linzake: zimadziwa bwanji kuti pansi pali madzi, wamkulu wawo ndi uti, amuna ali kuti. Uchizi ankayankha zina, zina ankangogwedeza mutu kuti aone yekha.

Kamwana kena kanali kasanadziwe kugwiritsa ntchito chitamba. Kankachiponya uku ndi uku, kenako kanachiponda ndi phazi lake lomwe n'kulira. Pofuna kumwa kanagwada n'kulowetsa mutu wonse m'dzenje, miyendo yakutsogolo inatitimira, ndipo kanakanirira matako ali m'mwamba. Mayi wake sanapupulume. Anamaliza kumwa, anakulunga chitamba pamimba pa kamwanako, n'kukazula ngati chinangwa.

Apa m'pamene Petronella anasendera kutsogolo. Amayi anam'patsa malo, podziwa chimene anadzera. Anayang'ana njovu yaikulu ija, mayi wa kamwanako, nthawi yaitali.

"Iwe," ananong'ona. "Ndiwe unadya chimanga changa? Ana anga amasiye adye chiyani?"

Njovu inangokupiza makutu n'kudzithira mchenga kumsana. Petronella anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kubwerera pamalo pake.

"Nayenso ndi mayi wa ana," anatero. "Koma ndi wakuba ndithu. Zonse ziwili."

Onse anakhala pamenepo mpaka njovu zinawoloka mchenga n'kulowa m'mitengo ya kutsidya, imodzi pambuyo pa inzake, ndipo nkhalango inazimeza ngati sizinakhalepo. A Zimba ankadzionetsa ngati alibe nazo ntchito, koma Golden anaulula pambuyo pake kuti bamboyo anatulutsa mutu pawindo nthawi yonseyo, ndipo kashembe atawatera pa tsaya sanamumve.

Pobwerera, atatuluka pa geti, Uchizi anawalola kuimba, ndipo anaimba mpaka kumudzi. Koma nkhani yaikulu panjira inali ya zimene mtsikanayo anawauza pa nthawi ya chakudya, zoti njovu imadana ndi fungo la tsabola ndiponso imaopa njuchi. Mvula isanagwe amayi a Umanyano anafesa nazale ya tsabola wa kambuzi kudimba kwa Tryphena. Atacha anamusinja, anasakaniza ndi oilo wakutha wa kuchigayo, n'kupaka pa nsanza zimene anapachika pa chingwe kuzungulira minda ya kumapeto. A Zimba anapachika ming'oma ya njuchi m'mitengo ya m'malire, osauzidwa ndi munthu.

Si kuti mavuto anathera pamenepo. Njovu zinabweranso. Pa minda ya tsabola zinazungulira, n'kukalowa m'minda ya mudzi woyandikana nawo, ndipo eni ake anabwera kudzadandaula kuti a kwa Zimba awatumizira alendo. Chaka china mvula inatsuka nsanza zija, njovu n'kudutsa pa chingwe ngati palibe kanthu. A Zimba mpaka lero njovu amazitchula kuti mbava. Petronella ndiye amaphikira alendo a ku timakumbi tija, ndipo mlendo akayamba kuyamikira kukongola kwa njovu, amamutengera kumunda kwake n'kumuonetsa pamene zinalowera, kuti akabwerere kwawo akudziwa mbali zonse.

Chimene Tryphena sanachiyembekezere chinali nsanje ya abambo. Amayi aja anasimba za kamwana ka njovu m'mudzi monse, ku chigayo, ku maliro, mpaka amuna awo anatopa ndi kumva nkhani imene iwo sangaikepo mlomo. Chaka chatha anasonkherana okha, anapangana ndi Golden, n'kutuma nthumwi kwa NyaMtonga kudzapempha kuti awatsogolere.

Anavomera, koma m'mawa wa ulendowo anaima pa chitseko cha kanta n'kumayang'ana katundu wa aliyense. Anatsitsa chigubu cha mowa. Anatsitsa wailesi ya munthu wina amene ankafuna kumvera mpira. Pomaliza panafika a Laban, mkulu wa zaka zambiri, ndodo ili m'manja, galu wawo wofiira akuwatsata pambuyo.

"Adada, galuyu akupita kuti?"

"Ameneyu sasiyana nane, NyaMtonga. Nayenso aone."

"Kumene tikupita kuli eni ake. Galu akauwa kamodzi, tonse tibwelela tisanaone kanthu."

A Laban anayang'ana galu, anayang'ana kanta yodzaza ndi anzawo amene anali atayamba kale kuwafulumiza. Anapita kukamumangirira pa mtengo wa mango pakhomo pa a Zimba, anamusiyira chigamu cha mbatata, n'kumuuza kuti adzamufotokozera zonse madzulo. Anzawo anawakoka manja n'kuwakweza. Tryphena anakwera pomaliza, anakhala pa thumba la mapesi pakona, n'kugogoda denga kuti Golden anyamuke.